Mdima wa m'maso mwa Nankhoma

Panali mayi wina wosoka zovala, dzina lake Nankhoma. Ankakhala kumalekezero a tauni, kumene tala amathera ndipo fumbi limayambira. Makina ake osokera ankakhala pakhonde. Mwamuna wake, a Kamzati, anali dalaivala wa malole, munthu wathupi, woti akaima pakhomo m'nyumba munkada. Anakhala m'banja zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ana awo awiri anali atakula n'kupita kutali, wina ku Joni, wina ku banja kumpoto.

Tsiku lina m'mawa, a Kamzati akumanga zingwe za nsapato, anagwa chammbali. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako amoyo, koma dzanja ndi mwendo wa kumanzere zinali zitafa, ndipo lilime linkalemera moti mawu ankatuluka limodzilimodzi. Adokotala anauza Nankhoma kuti munthuyo asamangogona. Azimudzutsa tsiku ndi tsiku, azimukhazika pampando, azimusambitsa, ndipo Lachiwiri lililonse azipita naye ku mafizo kuti ziwalo zisaumiretu.

Kunena n'kosavuta. Pa sikelo ya kuchipatala a Kamzati ankalemera makilo 84. Nankhoma anali wochepa thupi, ndipo manja ake anazolowera singano ndi sizasi.

Masabata oyamba anansi ankabwera kudzathandiza. Koma matenda akatalika anansi amatopa. Inu mukudziwa zimenezi, ndipo ena mwa inu munatopapo. Posakhalitsa Nankhoma anatsala yekha ndi mwamuna wake. Tsiku lina akuwachotsa pabedi manja anamulefukira, a Kamzati anagwa n'kutemeka pachipumi pa ngodya ya tebulo. Nkhani inafika kumudzi kwawo bala lisanaume.

Kunabwera mkulu wawo wa a Kamzati, a Dafuleni, pamodzi ndi mlongo wawo. Anaona balalo, kenaka a Dafuleni analankhula.

"Alamu, sitikukunyozani. Koma munthuyu ndi wathu. Lero mwamugwetsa, mawa mudzamuthyola khosi. Kumudzi kuli manja ambiri. Timutenge."

Nankhoma ankawadziwa manja a kumudziwo. Sabata yoyamba amachulukadi. Mvula ikagwa onse amapita kumunda, wodwala n'kutsala pamphasa kuseri kwa chitseko, ntchentche zili ng'waa. Chipatala kumeneko ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Ankadziwa kuti a Kamzati akakwera galimoto imeneyo, iye adzangolandira uthenga wa maliro. Ankadziwanso kuti mkazi sangalimbane ndi eni munthu. Choncho anagwada n'kupempha miyezi itatu.

"Chabwino," anatero a Dafuleni. "Tibweranso mvula isanagwe, msewu usanaonongeke. Tikadzaona kuti mukutha kumuchotsa pabedi n'kukamukhazika pakhondepo nokha, osamugwetsa, adzakhala. Zikadzakanika, musadzatiletse."

Kuseri kwa msika kunali munthu wowotcherera zitsulo, dzina lake Yotamu. Kumbuyo kwa shedi yake kunali kabwalo kotchinga ndi malata akale, kamene anyamata a m'deralo ankakatcha jimu. Munalibe zamakono ayi. Munali mapaipi okhala ndi simenti kunsonga, woumbidwa m'zitini za penti, ndi zitsulo za injini zakufa, ndi ekiselo ya lole, chitsulo cholumikiza matayala chija, imene inkagonja kwa anthu awiri okha. Yotamu anali atapimitsa chilichonse pa sikelo ya ogula zitsulo zakale n'kulembapo makilo ake ndi penti yoyera.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Masana ena, a Kamzati atagona tulo, Nankhoma anafunditsa makina ake n'kukankha lata la pakhomo la jimuyo.

"Masteni, kumsika si kuno," anatero mnyamata wina.

"Sindinasochere. Ndikufuna ndizinyamula 84."

Anaseka mpaka wina anakhala pansi. Yotamu anakweza magalasi ake akuda, anamva nkhani yonse, ndipo sanaseke. Analoza paipi yopanda simenti. Anamuuza kuti msana uzikhala woongoka, mphamvu izichokera m'miyendo, ndipo aziwonjezera pang'onopang'ono. Atatero anabwerera ku moto wake, pakuti anali ndi mageti a anthu oti awotcherere. Choncho aphunzitsi a Nankhoma anakhala anyamata aja.

Anyamatawo anali ndi lamulo lawo, losalembedwa paliponse. Ukagwira chitsulo uzikoka mpweya, utseke pakamwa, masaya atupe, ndipo usapume mpaka utamaliza. Wobuula ankamutcha mwana. Ukamaliza uchiponye pansi chilire, iwe uime njo, chifuwa patsogolo, maso kwa anzako. Wokhala pansi pambuyo ponyamula ankamuimba nyimbo sabata yathunthu.

Lamulo limeneli Nankhoma sanalione lachilendo. Anamkungwi anamuuza kalekale kuti mkazi sabuula pobereka. Ana awiri anabereka ali duu, mano atalumana. Ngati kutseka pakamwa ndiye mphamvu, iye anali nayo kale kuposa anyamata onsewo.

Mwezi woyamba anafika pa makilo 30, kenaka 40. Zikhatho zinachita zipsera, moti zinkakola nsalu zosalala za makasitomala. Amayi anzake pamjigo ankamufunsa ngati akufuna kulowa usilikali. Iye ankangotunga madzi ake n'kumapita. Masana alionse, dzuwa lili paliwombo, ankakhala ali ku jimu, chifukwa nthawi ina yoti n'kusiya wodwala analibe. Mwezi wachiwiri uli pakati, anagwira 60.

Tsono pali china chimene sindinakuuzeni. Tsiku limene alamu ake anachoka, Nankhoma anachita pangano ndi Mulungu. Anati tsiku lililonse, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, sadzadya kanthu, ngakhale madzi sadzamwa, kufikira mwamuna wake atayenda. Musandiyang'ane choncho, amayi. Kusala ine sindikunyoza. Ndasala kudya zaka zambiri kuposa zimene ena mwa inu mwakhala pansi pano. Koma akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mayiyu ankafuna kuti thupi likule mphamvu, ndipo thupi lomwelo ankalimana chakudya.

Mdima unayamba pa makilo 60 pomwepo. Anawerama, anakoka mpweya, anatseka pakamwa, anakweza chitsulo mpaka m'ntchafu, anachiponya, n'kuima njo monga mwa lamulo. Pomwepo makutu anayamba kulira. Mawu a anyamata anamveka ngati akuchokera kutsidya la mtsinje. M'mbali mwa maso munayamba kuda, mdimawo n'kumabwera pakati, mpaka anatsala akuona kadontho kokha ka kuwala. Thukuta lozizira linatsika kumsana. Anagwira mtengo wa mpanda, n'kumachita ngati akukonza duku.

Patapita kanthawi kuwala kunabwerera. Palibe anazindikira, ndipo iye sanauze munthu. Safunsa anadya phula.

Popita kunyumba anasinkhasinkha, ndipo anapeza yankho lake. Anati ameneyu ndi mdani, waona kuti pemphero likugwira ntchito, ndiye akufuna kundiopseza. Mankhwala a mdani ankawadziwa. Anawonjezera kusala. Phala limene ankamwa kusanache analisiyanso.

Mdimawo unayamba kubwera tsiku lililonse. Unkabwera msanga ndipo unkachedwa kuchoka. Nankhoma anauzolowera ngati mmene munthu amazolowerera denga lodontha. Anaphunzira kuimira pafupi ndi mpanda. Anaphunzira kumwetulira maso ali yuu koma osaona kanthu. Mantha anali nawo ndithu, ndipo nthawi zina ankalira panjira. Koma akayang'ana kumwamba ankaona kuti miyezi ikutha, ndipo mawa lake ankapitanso.

Tsiku limene anayesa makilo 70, Yotamu ankadutsa ndi ndowa ya madzi. Nankhoma anakweza, anaponya, anaima. Kenaka mawondo anapinda okha. Yotamu anataya ndowa n'kumugwira mkono mutu usanafike pa ekiselo ija. Anamukhazika pansi, n'kumuweramitsa mutu pakati pa mawondo.

"Zinayamba liti zimenezi?" anafunsa Yotamu, maso a mayiyo atayera.

"Palibe chimene chayamba."

Yotamu anakweza mlomo wake wa m'mwamba ndi chala. Mano awiri a kutsogolo kunalibe.

"Awa ndinawasiya pa ekiselo yomweyo, ndili mnyamata, chifukwa cha bodza lomwe mukunenalo. Mwadya chiyani lero, mayi?"

Nankhoma anayang'ana pansi.

"Nanga madzi?"

Anayang'anabe pansi. Yotamu anapukusa mutu. Anamuuza kuti chimene akuonacho si mdani ndiponso si mankhwala a munthu. Ukatsekera mpweya m'chifuwa nthawi yaitali katundu ali m'manja, magazi amavutika kubwerera kumtima. Ukaponya chitsulo n'kuima msanga, amathawira kumiyendo, mutu n'kutsala wopanda kanthu. Ukawonjezapo njala, ludzu ndi dzuwa la masana, ndiye kuti mdimawo waukonzera mpando wekha. Anamuuzanso kuti Lachiwiri akapita ndi wodwala ku mafizo akapimitse nayenso, chifukwa mtima wa munthu suwotchereredwa.

"Koma mverani ichi," anatero. "Chitsulochi mdima ukabwera mutha kuchiponya, sichimva kuwawa. Nanga a Kamzati mudzawaponya?"

Funsolo linamulasa Nankhoma, koma Yotamu anapitiriza.

"Kukweza mwaphunzira kwa anyamatawa. Kutsitsa palibe wakuphunzitsani, chifukwa iwowa sakudziwa."

Lachiwiri anapimitsa. Namwino sanapeze vuto mumtima, koma anamukalipira za njala mpaka odwala ena anatembenuka. Madzulo ake Nankhoma anagwada pambali pa bedi n'kuuza Mulungu kuti pangano lija lamukanika. Analira kwambiri, chifukwa ankaona ngati wanamiza Mwini moyo. M'mawa mwake anamwa phala, misozi ili m'maso, ndipo anatenga botolo la madzi popita ku jimu.

Anatenga tenti yakale ya lole ya mwamuna wake n'kusoka thumba lalitali ngati munthu. Yotamu analidzaza mchenga. Kuyambira pamenepo ntchito ya Nankhoma inasintha. Ankalikumbatira thumbalo pachifuwa, n'kukoka mpweya, n'kulimbitsa mimba, ndipo podzuka ankautulutsa pang'onopang'ono m'mano, kumveka ngati tayala la njinga labooka. Ankayenda nalo mapazi khumi. Kenaka Yotamu ankafuula ali ku moto wake kuti, "Mdima!" Akatero, Nankhoma ankabweza mwendo umodzi kumbuyo, n'kutsika pa bondo, n'kukhala pansi thumba lili pachifuwa, osalisiya ligunde. Ankachita zimenezi kakhumi, nthawi zambiri kuposa apo.

Anyamata anamuimba nyimbo, inde. Anamutcha Mayi Tayala. Koma patapita masiku, kuseri kwa malata kunayamba kumveka matayala ena akuphwa.

Chitsulo cha makilo 84 sanachinyamule mpaka tsiku lomaliza. Anaima pa 76. Koma kunyumba anapeza kuti munthu si chitsulo. A Kamzati anali ndi mwendo umodzi wamoyo ndi dzanja limodzi lamoyo. Akakoleka dzanjalo m'khosi mwa mkazi wawo n'kuponda ndi mwendowo, katundu ankachepa. Anayeserera awiriwo m'mawa ndi madzulo, kuchokera pabedi mpaka pakhonde, mapazi khumi ndi awiri. Masiku ambiri zinkatheka bwinobwino.

Alamu anabwera mwezi wa Okutobala, m'mawa, osatumiza mawu. Anabwera pa kalole kobwereka, ndipo kumbuyo kwake anali atayala matiresi atsopano. Nankhoma atawaona matiresiwo anadziwa kuti kumudzi mlandu anaugamula kale.

Inu mukudziwa zimene mkazi amachita alamu akafika. Anathamanga kukatunga madzi. Anabwereka mipando. Anaphika mbatata, anatenga thobwa kwa mnansi, anapha nkhuku. Kuyambira m'mawa mpaka masana anali kalikiliki pa mbaula, m'kakhitchini ka malata, kunja dzuwa likuswa mtengo. Anaperekera madzi osamba m'manja, anaperekera chakudya, anagwada pakhomo kudikira mbale. Iye mwini sanalawe kanthu. Ulendo uno sikunali kusala ayi, unali ulemu. Mkazi wolongosoka satafuna alendo asanakhute, ndipo sadya alamu akuona.

A Dafuleni, chikho cha thobwa chili m'manja, anayang'ana dzuwa.

"Alamu, ulendo wathu ndi wautali. Tione."

Nankhoma anapukuta manja, analowa kuchipinda. Alendo anaima pabalaza, dalaivala wa kalole anasuzumira pawindo. Anakhazika a Kamzati m'mphepete mwa bedi, anakoleka dzanja lawo m'khosi mwake, anawakumbatira m'chiuno. Anakoka mpweya, anadzuka nawo. Phazi loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anadutsa pabalaza. Mlongo wawo wa a Kamzati anafutukira kukhoma kuti apereke njira.

Pa phazi lachisanu ndi chinayi, ali pakhomo lotulukira pakhonde, makutu anayamba kulira.

Mdima uja anaudziwa. M'mbali mwa maso munayamba kuda. Mpando unali apo, mapazi atatu okha, koma ankauona ngati uli mu utsi. Mumtima munamveka mawu akuti, tseka pakamwa, luma mano, atatu okha, palibe adziwe. Ndipo mwina akanafikadi. Ine sindikudziwa, nayenso sankadziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti kutsogolo kwa phazi lake kunali sitepe ya simenti, ndipo mutu wa mwamuna wake unali pamwamba pa sitepeyo. Ankadziwanso kuti akagwada pamaso pa anthu awa, adzati walephera, ndipo miyezi itatu yonse idzapita pachabe.

Nankhoma anabweza mwendo kumbuyo. Anatsika pa bondo, pang'onopang'ono, mikono ili gwa. Anakhala pansi pakhomo pomwepo, a Kamzati atatsamira pachifuwa pake, ndipo anaweramitsa mutu paphewa pawo.

"Basi, taona," anatero mlongo uja. "Achimwene, tisataye nthawi."

Kunja dalaivala anayamba kumasula chitseko cha kumbuyo kwa kalole.

Nankhoma analankhula mutu uli chiweramire.

"Sindinawagwetse, alamu. Ndawatsitsa. Ndikuona mdima chifukwa kuyambira m'mawa sindinadye. Ndipatseni chakumwa, mundidikire pang'ono, ndiwanyamulanso."

Amayi muli pano, mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Kuuza alamu ako kuti uli ndi njala, m'nyumba mwako momwe, ena angasankhe kukomoka. Manyazi anamugwira mpaka kumapazi, koma mawuwo sanawabweze.

A Dafuleni anayang'ana mng'ono wawo. Anamuyang'ana pachipumi, pamawondo, pachigongono. Panalibe ngakhale posupuka. Munthuyo anali atakhala phee, ndipo dzanja lake lamoyo linali litafumbata bulauzi ya mkazi wake. Kenaka mkuluyo anawerama ndi mawondo ake okalamba, n'kupereka chikho chake chomwe cha thobwa ndi manja awiri.

"Imwani, alamu." Ndipo anatembenukira mlongo wake. "Iwe, bweretsa mbatata ija."

Nankhoma anamwa. Anadya mbatata ziwiri anthu onse akuona, osafulumira. Anadikira mpaka makutu anasiya kulira, mpaka anatha kuona bwino masamba a mtengo wa mango wa pabwalo. Anadikirabe pang'ono.

Tsono kunyamula munthu pansi n'kovuta kuposa kumunyamula pabedi. Nankhoma anazungulira n'kukhala kutsogolo kwa mwamuna wake, anapinda mwendo wawo wamoyo kuti uponde bwino, anakoleka dzanja m'khosi. Anakoka mpweya. Anadzuka nawo, mpweya ukutuluka m'mano mwaphokoso moti nkhuku za pabwalo zinabalalika. Anatsika sitepe ija. Phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu. Anawakhazika pampando, anawongola mwendo wakufa uja, anawapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Atamaliza sanaime njo kuti anthu amuone. Anakhala pansi pambali pa mpando n'kumapuma.

A Kamzati anayang'ana mkulu wawo. Milomo inalimbana nthawi yaitali mawu asanatuluke.

"Ine... pano."

A Dafuleni anapukuta m'maso ndi chikhatho. Anatulukira pabwalo n'kukodola dalaivala.

"Matiresiwo tsitsani, alowe m'nyumba. Ntchito yake ili kuno."

Kalole kanabwerera kumudzi kumbuyo kuli mbee.

Tsono inu amene mwasenza munthu, kaya ndi wodwala, kaya ndi ana a malemu mbale wanu, kaya ndi nyumba yonse, ndikulankhula ndi inu. Ambiri mwa inu mdimawo mukuudziwa. Mumaima njo kuti tisaone, ndipo ife timakuyamikani kuti ndinu olimba, mpaka tsiku limene mudzagwa pamodzi ndi amene mwamunyamulayo. Thupi likakuchenjezani, mverani. Gwadani mawondo asanapinde okha. Nenani pakamwa kuti ndili ndi njala, ndatopa, ndipatseni madzi, ngakhale pamaso pa anthu amene mumawaopa. Akaseka, aseke. Mukatha kupuma dzukani mumunyamulenso, chifukwa munthuyo akufunika kunyamulidwa mawa, ndi mkuja, ndipo womunyamula ndinu nomwe.